Mapiritsi Achikasu a Mayi Dyna

Mapiritsi oyera atatsala ochepa, a Bryson anayamba kuwadula pakati ndi lumo. Akazi awo, mayi Dyna, amadwala khunyu, ndipo oyerawo ndiwo anawasunga zaka zambiri osagwa. Koma mwezi umenewo ku chipatala anapereka achikasu, ati ndi omwewo, yangosiyana kampani. Omwewo! Nanga analekeranji kuwapanga oyera? A Bryson anathyola tiyi mpaka msana kupindika, ndipo ankadziwa kuti wa mu ofesi akati "n'chimodzimodzi", wosauka ndiye wadyeredwa masuku pamutu. Achikasuwo anawaponya pamwamba pa kabati.

Lachinayi mayi Dyna anagwa pochokera kumjigo, ndowa ili pamutu, n'kung'ambika mlomo.

Loweruka a Bryson anamva kuti Pilirani, mwana wa mlongo wawo, wabwera kuchokera ku Blantyre kumene amagwira ntchito yofufuza za mankhwala. Anapalasa njinga mpaka ku Limbuli, piritsi loyera ndi lachikasu zili m'thumba la malaya. Anamupeza pakhonde, laputopu ili pamiyendo.

"Atsibweni! Lero mwatikumbuka?"

"Sindinabwerere moni. Ona izi. Anzako akufuna kundiphera mkazi."

Pilirani anayang'ana mapiritsiwo, n'kufunsa chimene chadula loyeralo. Atamva za lumo ndi za kugwa kwa mayi Dyna, nkhope yake inasintha.

"Atsibweni, anti agwa chifukwa cha theka limeneli. Apatseni achikasu, lathunthu, lero lomwe."

"Wanena ndani kuti ndi ofanana?"

Mtsikanayo anawakhazika pampando n'kufotokoza. Mankhwala atsopano asanaloledwe, anthu amamwa akale, kenako atsopano, kenako akalenso, uku akutengedwa magazi. Manambala a magaziwo amalowa mu pulogalamu ya kompyuta. Pulogalamuyo imayamba yaona mmene mankhwala akale amasinthira okha m'thupi la munthu mmodzi, lero ndi tsiku lina, ndipo malire imawaika potengera kusinthako. Atsopano akadumpha malire, imakana.

"Ndiye iyoyo amaiyeza ndani?"

"Ndi ntchito imene ndikugwira panoyi. Ndimaipatsa manambala akale amene yankho lake tikulidziwa. Ikaphonya, sitiigwiritsa ntchito mpaka itakonzedwa. Koma ndisakunamizeni, achikasu anuwa sinayeze inoyi. Anayezedwa kumene anapangidwa, ndi pulogalamu ya mtundu womwewu."

A Bryson anaseka chonyoza. Ku esiteti nako kapitawo ankapachika chitsulo chake pasikelo m'mawa, anthu n'kuwomba m'manja kuti sikelo ili bwino. Chitsulo chake, sikelo yake! Othyola tiyi anali ndi njira yawo. Ankabisa mwala pansi pa dengu kuti aone ngati muvi usuntha.

"Manambala wasankha wekha, makinawa akuwadziwa. Mwala ndiika ine."

Pilirani anapumira m'mwamba, koma anakopera manambala a mankhwala ena amene anavomerezeka kale n'kuwatembenuzira laputopu. A Bryson anatulutsa magalasi awo omanga ndi ulusi. Analoza nambala ya munthu mmodzi pa mankhwala atsopano ndi chala chawo chokhakhala.

"Uyu. Muchepetse, ngati kuti magazi ake alibe mankhwala okwana."

Pilirani anachepetsa n'kudina. Makina anavomera.

"Waona! Chimangoti eya. Ngakhale phulusa chingalivomere."

"Taonani apa, atsibweni. Yankho lasuntha, layandikira malire. Munthu mmodzi sangagwetse gulu lonse."

A Bryson anayang'anitsitsa. Linasunthadi, pang'ono. Anavula jekete n'kukoka mpando.

"Wina."

Mlongo wawo anabweretsa nthochi ndi madzi, iwo osacheuka. Dzuwa linafika pakhonde, anangotchinga ndi chipewa. Ankasankha pamwamba, pansi, pakati, kuti makina asazolowere dzanja lawo. Nthawi ina anamuuza Pilirani kuti abwezere nambala mmene inalili, aone ngati yankho libwerera pakale. Linabwerera.

"Mukadapita patali ndi sukulu mukadativutitsa," anatero Pilirani.

"Ndikadapita ndikadakhala wakuba ngati anzako. Dina."

Anadina. Mawu ofiira anatuluka.

"Chati chiyani?"

"Yakana. Yati si ofanana."

A Bryson anapenyetsetsa mawu ofiirawo. Sanakondwe. Kampani sanaikhulupirire, ngakhale a ku chipatala. Koma chinthucho chinkatha kukana, ndipo anachiona ndi maso awo. Theka la piritsi nalo anali ataona chimene limachita.

"Akagwanso ndibwera, ndidzachiponya mu mtsinje wa Ruo chimenechi."

"Akagwanso mudzapite nawo ku chipatala kaye."

Anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Mayi Dyna anali pamphasa akusankha nandolo, mlomo wotupa. A Bryson anakwera pampando, anatsitsa kapaketi kafumbi pakabati, n'kutunga madzi m'kapu.

"Si munati amenewa ndi poizoni, bambo?"

"Ndinati. Imwani lonse."

"Mukufuna mukwatire wina eti?"

"Ndi msana uti? Imwani."

Mayi Dyna anameza. A Bryson anakhala pamphasa pomwepo, n'kuyamba kuwathandiza kusankha nandolo, diso lili pa manja a mkazi wawo. Mawa kumjigo adzapita iwo eni, osati mayi Dyna, ndowa pa njinga, anthu aseke ngati akufuna.