Fyuzi ya M'chitini

Galimoto ya mkulu wina inakana kulira m'mawa umene ankafuna kukatenga malata m'tauni. Anapotokola kiyi, zii. Ngakhale timagetsi ta kutsogolo kwa chiwongolero sitinaphethire n'komwe.

Anayamba ndi kukayikira anthu, monga mwa chizolowezi chake. Mkamwini wake, amene amangoti chigalimotochi chipite kwa ogula zitsulo. Makaniko wa pamsika, amene amamanga china n'kumasula china kuti ubwerenso. Anthu atatha m'mutu, m'pamene anatsegula boneti.

Mitu ya batire inali itachita ufa woyera. Anaipala ndi mpeni, n'kumanga ndi sipanala. Anayesa hutala, inalira mpaka galu wa kuseri kwa mpanda anauwa. Ndiye kuti batire ili moyo. Waya wonenepa wopita ku sitata anautsata ndi zala, poti masiku ano maso ake ankaona zinthu ngati zili mu utsi. Koma nkhani ya masoyi sankaifuna pakhomo. Mwezi wathawu anagunda chipilala cha geti, ndipo Lamlungu anatsala pang'ono kuponda mayi wobereka mwana pamphambano. Iye anati mayiyo ndiye analowa mumsewu ngati mbuzi. Mkazi wake anali atakhala pambali pake tsikulo.

Mkaziyo anatuluka ndi kapu ya tiyi, n'kuiika pamwamba pa tayala.

"Yakana, bambo?"

"Ayi, ikupemphera. Mukuona ngati ndagwada pano chifukwa chosowa mpando?"

"Mwina yatopa. Zinthu zimakalamba."

"Zimakalamba ndi za anthu osadziwa kusamala."

Anakwawira pansi pa chiwongolero pamene pali kabokosi ka mafyuzi. Kameneka ankakadziwa ngati thumba lake. Chigulireni galimotoyi, akaimika m'tauni ankazula fyuzi yopereka moto ku kiyi n'kuiponya m'thumba la malaya, kuti wakuba avutike chabe. Chinsinsichi sanauze mwana, sanauze makaniko. Ankachidziwa ndi munthu mmodzi yekha, amene ankamukumbutsa akaiwala.

Anaizula fyuziyo, n'kuiyang'anitsa padzuwa. Kawaya ka m'kati sikanaoneke, kaya kaduka kaya kalipo. Anapukuta maso ndi mkono, koma utsi unali womwewo.

"Mayi, tandionereni. Kawayaka n'kolumikizana?"

Mkaziyo anaitenga, n'kuiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene kanthu kakang'ono chotero kamafunira.

"Kali bwinobwino."

Anamubwezera m'manja. Chala chachikulu cha mkuluyo chinayenda pamsana pa fyuziyo, n'kuima. Panali kamtanda kokanda ndi mpeni. Iye sataya kanthu: fyuzi ikapsa amaikanda chotero, n'kuiponya m'chitini chimene chimakhala pamwamba pa kabati kuchipinda. Mkamwini salowa kuchipindako. Makaniko sadziwa ndi khomo lomwe.

Anakhala pansi, n'kutsamira tayala. Zaka zonsezi wakhala akudikira wakuba wodumpha mpanda, osadziwa kuti adzabwera ndi kapu ya tiyi. Anakweza nkhope kuti amuyang'ane m'maso mkazi wakeyo, aone ngati angapirire bodza lake. Anaona nsalu, anaona phewa, koma nkhope inali chimbuuzi, munthu ataima pafupi moti akanatha kumugwira dzanja.

Anatsitsa mutu.

"Yabwinoyo mwaiika kuti?"

Mkaziyo anagwira thumba la diresi yake.

"Mukaifuna ndikupatsani. Koma ine sindikweranso, ndipo ndizikhala pageti kudikira uthenga."

Mkuluyo anamwa tiyi uja atazizira kale. Anadzuka mogwira chitseko, n'kubwezera fyuzi yakufayo m'malo mwake, n'kutseka boneti mosamenyetsa.

"Mkamwini wanu akafunsa, muziti sitata yapsa, ndipo zida zake sizikupezeka. Asayerekeze kubwera ndi ogula zitsulo pano."

"Nanga malata?"

"Akatenge iyeyo. Si ali ndi maso?"