Benchi Yakutsogolo ku Kabwata

Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Koma zimene ndinachita Lamulungu lija ku Kabwata, amake Delight akazikumbuka amaseka mpaka misozi.

Tinasamuka ku Chipata mu Epulo, nditapeza ntchito mu shopu ya zitsulo ku Kamwala. Nyumba tinaipeza ku Chelstone, sukulu ya mwana tinaipeza, chinatsala n'tchalitchi. Mungati n'chapafupi, poti mu Lusaka matchalitchi ali mbwee, ena mpaka m'makalasi a sukulu. Koma ife tili ndi Delight, mwana wathu mmodzi yekhayo, wa zaka khumi ndi ziwiri. Samva chibadwire, amalankhula ndi manja.

Tchalitchi choyamba, cha ku Avondale, anatilandira ndi m'manja. Atangoona Delight akulankhula ndi amake, anamukokera kutsogolo, mlaliki n'kumulowetsa zala m'makutu uku akukuwa. Chachiwiri, cha ku Northmead, anamuthira mafuta m'makutu momwemo, diresi lonse n'kuthimbirira. Chachitatu, cha ku Woodlands, palibe anamugwira, komanso palibe anamupatsa moni. Anakhala maola awiri akuwerenga mababu kudenga.

Titafika kunyumba tsiku limenelo, anaima patsogolo panga, manja akuthamanga ndi ukali.

"Ine sindikudwala. Ndiyesanso kamodzi kokha. Wina akadzandigwira makutu, kutchalitchi sindidzapondakonso."

Ndinadziwa kuti sakunena zocheza. Liuma anatengera ine.

Amene anatiitana ndi ba Chalwe, mnzanga wa kuntchito. "Ba Bwezani, bwelani kwathu ku Kabwata pa Sondo," anatero. "Si chalichi ya matama iyayi. Bana bali na makilasi yao, pa Chiwelu tichosa vinyalala mu ngalande, bazimai bapelekela bodwala vakudya ku kiliniki. Muzakondwela."

Za makutu a Delight sindinawauze. Kuntchito ndinali ndisanauzeko aliyense, ndipo lero ndimachita nazo manyazi.

Lamulungu tinalawirira, ine nditatchena. Jekete nditavala, nsapato nditapukuta mpaka kudziwonerapo. M'minibasi yachiwiri, yochokera m'tauni, ndinamulonjeza mwana ndi manja anga achibwibwiwa kuti lero palibe amugwire, ndilipo ine.

Tinakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kuti zikavuta tingotuluka. Koma abale, kuimba kwake! Makanda akukwawa pakati pa mabenchi popanda wowakalipira, agogo akuvina ndi ndodo zawo, anyamata a kwaya thukuta kamukamu. Amake Delight anandigunda ndi chigongono nati, "Atate ake Delight, pano ndiye pathu." Inenso phazi linali litayamba kale kugunda pansi.

Ndiye Delight anauza amake ndi manja kuti nsapato ikumuluma. Basi, kanthu kakang'ono komweko. Mayi wina wojintcha, atavala lamba wa olandira alendo, anamuona. Maso ake anawala. Anabwera molunjika, n'kugwira mwana wanga dzanja, n'kuyamba naye ulendo wa kutsogolo. Delight anatembenuka n'kundiyang'ana.

Magazi anandikwera kumutu. Ndinadumpha miyendo ya mkazi wanga, ndinaponda chikwama cha munthu wosalakwa, n'kukuwa ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa.

"Mayi inu! Musiyeni mwana wanga! Sakudwala ameneyo!"

Woimba kiyibodi anasiya. Kwaya inati zii. Tchalitchi chonse chinatembenukira kwa ine, kupatula mayi uja, amene anangopitirira ngati palibe chachitika. Apo ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinathamanga pakati pa mabenchi, jekete ikuuluka, ndikukuwabe kuti aliyense wokhudza makutu a mwanayo aona chimene chinameta nkhanga mpala.

Nditafika kutsogolo ndinaima njii. Kumanzere kwa guwa kunali mabenchi awiri odzaza anthu, akulu ndi ana, manja awo onse ali m'mwamba kulankhulana. Patsogolo pawo panaima mtsikana wovala bulauzi yakuda, akumasulira ndi manja. Ndipo chimene ankamasulira nthawi imeneyo chinali kukuwa kwanga, mawu ndi mawu, nkhope ataikwinya ndendende ngati yanga. Ngakhale nkhanga ija anaiikamo.

Ba Chalwe anandipeza akupuma wefuwefu, n'kundinong'oneza. "Ba Bwezani, aba ni ba Mulubwa, nabeve sibamvela. Bamuleta chabe pa benchi yao kuti aziona bwino omasulila."

Kalanga ine! Kani mayi uja nayenso samva ngati Delight. Ndinalakalaka simenti itang'ambika ndilowemo. Ba Mulubwa anayang'ana womasulira uja, anayang'ana ine, kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira benchi. Mabenchi awiri onse anagwa nacho chiseko.

Abusa, bambo wamfupi wa imvi, anatenga maikolofoni. "Musabwerere kumbuyo, atate. Mwathamanga mtunda wautali chifukwa cha mwana wanu. Apatseni malo pomwepo."

Anthu anawomba m'manja, a m'mabenchi awiri aja anakweza manja n'kumawagwedeza. Delight anandikoka jekete. "Adadi, khalani pansi. Mukundichititsa manyazi." Koma ankamwetulira, mano onse pamtunda.

Musandifunse za ulaliki wa tsiku limenelo, sindinatolepo kanthu. Ndinkangoyang'ana mwana wanga. Maso ake sanachoke pa manja a mtsikana uja. Abusa atanena nthabwala, Delight anaseka pamodzi ndi tchalitchi chonse, nthawi imodzimodziyo, popanda womukodola. Chibadwire chake ndinali ndisanazionepo.

Titaweruka kunali tiyi ndi vitumbuwa pansi pa mtengo. Delight anasowa ndi atsikana awiri a msinkhu wake, moti amake anachita kukamusaka kuseri kwa tchalitchi. Ine ba Mulubwa anandigwira pamkono, ulendo uno sindinakuwe, n'kundilembetsa kalasi ya Loweruka yophunzitsa makolo kulankhula ndi manja. Kudzera mwa womasulira anandiuza mosapsatira kuti pakamwa panga m'pothamanga koma manja anga ndi aulesi. Ndinavomera, poti zinali zoona.

Pobwerera ku Chelstone, Delight ankangofotokozera amake zonse, manja osapuma, mpaka kondakitala anaiwala kuitanira anthu. Kenako anandigwira bondo kuti ndimuyang'ane.

"Adadi, kodi zaka zonsezi abusa amakhala akukamba nkhani?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Ine ndimayesa amangokukalipirani."

Ndinakweza manja kuti ndimuyankhe, koma mawu amene ndinkafuna manja anga sankawadziwa. Zaka khumi ndi ziwiri mwana atakhala pambali panga Lamulungu lililonse, ine osamuuzako ngakhale nkhani imodzi. Zinandipweteka kwambiri, ndipo ndinalira m'minibasi momwemo, jekete ndi nsapato zonyezimira zili m'thupi.

Loweruka ba Mulubwa pobwera ndi makiyi anandipeza nditakhala kale pakhonde la tchalitchi.