Musataye Yakaleyo

"Ikulila katatu, basi n'kukhala chete."

"Ndiye yafa nayonso?"

"Siinafe. Ikukana kudzuka."

Towela anayankha osadzutsa mutu. Anali atagwada m'kachipinda kamene malemu bambo ake, a Ezron Nyirenda, ankalemberamo anthu makalata pa boma la Lundazi, manja ali m'mimba mwa kompyuta. Pakhomo panaima a Danwell, mng'ono wake wa malemuwo, atavala masilipasi a malemu omwewo, amene ankati angobwereka. Panali patapita masiku anayi chiikireni maliro.

Mawa lake abale anayenera kugawana katundu, ndipo nkhani yaikulu inali munda wa ku Magodi. A Danwell ankati mundawo ndi wa a Nyirenda, choncho mayi ake a Towela, a Jemima, abwerere kwawo ku Kapichila. A Jemima ankati amuna awo anawauza kuti analemba m'makinamo kuti iwo adzalima pamenepo mpaka imfa.

"Mukandionetsa mawu a akulu anga, ndidzamvela," anatero a Danwell. "Koma tisanagawe, m'nyumba muno simutuluka kanthu, ngakhale kamsomali."

Zinatanthauza kuti zochotsa disiki yosunga zolembedwa m'kompyutamo n'kukaiwerengera pa makina ena ku Chipata zinali zosatheka.

Towela ankakonda zinthu zovuta kumasula. Ku yunivesite ku Lusaka ankatha kuiwala chakudya chifukwa cha kompyuta yokana kuyaka. Koma vuto ili analimasula msanga kuposa mmene akanafunira. Pakati pa bodi yolumikiza zipangizo zonse za m'katimo panali pulosesa yatsopano, ubongo wa makinawo, imene iye mwini anatumiza pa basi mu June, pamodzi ndi disiketi ya pulogalamu yake ndi kalata ya malangizo atatu. Loyamba: lowetsani disiketi makina akadali ndi pulosesa yakale. Lachiwiri: mukatero, sinthani. Lachitatu: musataye yakaleyo.

Disiketi ija anaipeza mu dirowa, ikadali m'pepala lake, selotepu yosadula.

A Ezron, munthu amene ankawerengera anthu makalata awo kawiri asanawamate, anadumpha mzere woyamba wa kalata ya mwana wawo. Mphatso inawasangalatsa kwambiri moti anaiika tsiku lomwelo. Bodi yakale sinaidziwe pulosesa yachilendoyo. Kuti iidziwe panafunika pulogalamu ya pa disiketi, kuti disiketi iwerengedwe makina anafunika kuyaka, ndipo makinawo akanayaka ndi pulosesa yakale yokha basi. Likanakhala funso la mayeso, Towela akanaseka.

Anayang'ana pa tebulo. Taipi yakale, imene bambo ake ankalembera kompyuta isanabwere, inali itabwerera pamalo pake, mabatani ake akuwala ndi ntchito. Anakumbukira kalata ya mu August: "Makina akuthamanga ngati njinga yotsetsereka. Yewo, mwana wanga." Inali yolemba pamanja, ndipo iye sanadzifunse chifukwa chake.

Anakhuthula madirowa onse. Anapeza maenvulopu, masitampa, magalasi othyoka mwendo, chitini cha mapini. Anapisa dzanja kuseri kwa kabati, n'kutulutsa ulusi wa akangaude. A Danwell ankamulondola ndi maso, kuwerenga chilichonse chimene wagwira.

A Jemima analowa mwakachetechete, atamanga duku lakuda, n'kukhala pansi pafupi ndi khoma.

"Amama, adada anachotsa kanthu umu. Kamakona anayi, pansi kali ndi timano tagolide tambilimbili. Munakaonapo?"

"Kaja ka m'kalata yako?"

Towela anatembenuka thupi lonse.

"Unalemba kuti asataye. Ndiye anakakulunga m'kalata momwemo. Ine ndinati uzani mwana kuti chinthu chazima. Iwo anati ayi, ali pa mayeso, adzaganiza kuti watiwonongela ntchito. Adzakonza yekha pa Khisimasi."

"Kali kuti?"

"Samakasiya m'nyumba. Amati Danwell akabwela amatola chilichonse chowala."

A Danwell anatsokomola. "Mlamu, pamalilo sitinena zotelo."

"Ndi mawu a akulu anu. Si amene mukufuna?"

Towela sanaseke. "Amama, kali kuti?"

"Amayenda nako m'thumba la jekete, lam'kati. Kuchipatala anapita nako. Anamwino atafuna kuwavula, dzanja linali pathumbapo."

"Jekete iti?"

A Jemima anayang'ana zala zawo. Panja amayi ankatsuka miphika yobwereka kutchalitchi, mchenga ukulira pa chitsulo.

"Yotuwa ija, ya pa Sabata."

Panalibe chifukwa chofunsira zambiri. Towela anaiona jekete imeneyo Lolemba, kudzera pakagalasi ka bokosi la maliro, kolala itakhala bwino ngati mwini wake akupita kukawerenga mawu kutsogolo kwa mpingo.

"Ndinakamva posita," anatero a Jemima. "Ndinatulutsa, ndinaona dzanja lako pa pepala. Ndinati miyezi inayi osasiyana nako, ine ndine ndani kuti ndiwalande lelo? Ndinabweza. Sindinadziwe kuti ndi kiyi."

"Ndinawaveka ndine," anatero a Danwell ndi mawu otsika. "Ndinamva kanthu kolimba pachifuwa. Ndinayesa ndi Chipangano chaching'ono."

Towela anazimitsa makinawo. Anatenga kansalu koluka kamene bambo ake ankaphimbira kompyuta madzulo alionse, ngakhale itazima, n'kukayala bwinobwino, ngodya ndi ngodya, monga ankachitira iwo. Pa malangizo atatu aja, a Ezron anasunga limodzi lokha, ndipo analisunga kotheratu.

Kenako anadzuka, nayang'ana masilipasi aja, nayang'ananso amayi ake.

"Adada ang'ono, mwati amama simuwakhulupilila, mufuna mawu a akulu anu. Khasu lokafukulila mutenga ndinu?"