Mwetulirani Pang'ono, Mayi

Chisankho chitatha, wailesi inalengeza kuti dziko tsopano ndi banja limodzi. Ndipo monga banja lililonse lodzilemekeza, linafunika chithunzi.

Ntchitoyi inagwera Wapampando wa Komiti ya Umodzi, bambo amene ankamanga tayi ngakhale popita kukagula makala. Anafika pakhonde pamene mayi wina ankasokera zovala, nakhala pabenchi osapukutapo, kuti anthu aone kudzichepetsa kwake.

Mwana wa mayiyo, mnyamata wa ndevu zongotuluka kumene, anaponyedwa m'galimoto ya anyamata a chipani cholamula nthawi ya kampeni, atamupeza akumata zithunzi za amene lero ndi Mtsogoleri. Sanabwerenso. Mkulu wa anyamatawo anali Mkwapu, amene zotsatira zitangomveka anaona kuwala n'kusintha malaya.

"Mayi, mbiri yakusankhani," anatero Wapampando. "Mukangomukumbatira Mkwapu pamaso pa anthu, basi, dziko lapola."

Mayi anaimitsa makina. "Andiuza kumene anamusiya mwana wanga?"

"Zing'onozing'ono zimenezo. Tiziika pa pulogalamu."

"Sindikufuna kuti amangidwe, bambo. Andilozere malo okha, ndizikazulapo udzu."

"Mtima wake ndi umenewo! Mudzanene chomwecho pa maikolofoni. Koma za udzuzo mudzachotse, zikutsitsa mwambo."

Tsiku litafika, holo inadzaza. Mabaluni, mipando ya pulasitiki yobwereka, kwaya. Wapampando anayankhula mpaka mabaluni ena anafota. Pa pulogalamu panali pemphero, zakumwa ndi mawu othokoza Wapampando. Za mwana panalibe.

Mkwapu anakwera pansanja atavala suti yothina m'khwapa, akununkhira ngati shopu ya mafuta odzola, mpango wopukutira misozi uli kale m'manja. Anatambasula mikono. Mayi analowamo, nafikitsa pakamwa pa khutu lake.

"Mwana wanga ali kuti?"

"Uti, mayi?" ananong'ona Mkwapu mwaulemu ndithu. "Analipo angapo."

"Bwerezani!" anakuwa wojambula. "Amayi mwatsinzina. Mwetulirani pang'ono, si maliro ano."

Anasiyana, nakumbatirananso. Anthu anawomba m'manja kachiwiri, pakuti anawauza kuti zakumwa zibwera chithunzi chikatheka.

"Wamtali, wa chipsera pachibwano," anatero mayi, mano ali panja monga analamulidwira. "Shati yabuluu. Ndinasoka ndekha, mabatani ake osiyana."

"Achimwene a suti," anakuwanso wojambula, "mukuphimba nkhope ya Mtsogoleri pachithunzi chili kumbuyoko. Sunthani. Kamodzinso!"

Ulendo wachitatu Mkwapu anakwinya pamphumi. Ankayesetsa, tisamunamizire.

"Wa chipsera... amene ankaitana amake uja? Eya, ameneyo sitinapite naye kumene tinapita ndi enawo. Ameneyo tinakhotera naye ku..."

Kwaya inayamba nyimbo ya fuko. Mkwapu anamusiya mayi, nawongoka ngati mzati, dzanja pachifuwa, chifukwa munthu wokonda dziko lake sayankhula nyimbo imeneyi ili mkati. Anaimba ndime zonse, ndi zija anthu ambiri amangong'ung'udza. Mayi anamugwira mkono wa jekete. Mlonda anamuchotsa zala chimodzichimodzi, mosamala, kuti nsalu isakwinyike.

Nyimbo itatha, Wapampando anayang'ana wotchi.

"Tachedwa! Ku holo ina kuli mayi wina akudikira."

Anamukankhira Mkwapu m'galimoto. Mayi anathamangira pambuyo, nsapato imodzi itatsala pamasitepe, namenya galasi ndi chikhatho. Galasi linatsika pang'ono.

"Munakhotera kuti?"

Amene anayankha ndi Wapampando. "Mayi, mwakhululuka anthu onsewa akuona. Mukayambanso kufukula zakale, adzati ndinu mdani wa umodzi, ndipo ine sindidzatha kukutetezani."

Galimoto inanyamuka. Mayi anabwerera m'holo, nakhala pampando wakutsogolo. Atsogoleri a kwaya anabwera kudzamugwira chanza, ena akulira, kumuuza kuti wawaphunzitsa chikondi. Kenako mlonda anamupempha kuti aimirire, eni mipando afika.