Mtengo wa ku Banki ndi Mtengo wa pa Depoti

"Sainani apa," anatero achimwene aakulu, akukankhira pepala kwa a Welda. "Wogula nyumba akubwera Lachisanu."

A Welda, achimwene anga achiwiri, anayandikitsa pepalalo mpaka linagunda mphuno. Zaka makumi atatu akuwotcherera zitsulo m'dziko la kutsidya kwa malire zinawathera maso. Anabwerako ndi thumba la ndalama zimene ngakhale wogulitsa machesi sakanalandira, poti boma la kumeneko linali litadula maziro pa ndalamazo katatu n'kusindikiza zina. Komatu kale, malemu mayi akumanga nyumba imene tinkagulitsayi, ndalama za kutsidyazo zinali zamphamvu. Mwezi ndi mwezi a Welda ankapatsira dalaivala wa basi envulopu, ndipo khoma linkakwera. Tsopano chiyembekezo chawo chonse chinali pa gawo lawo: agule makina owotcherera, apeze kachipinda kogona.

"Theka la nyumbayi ndinamanga ndine," anatero. "Nanga apa mwalemba zotani?"

"Sindinalembe ine, yalemba ndi banki." Achimwene aakulu anatambasula chipepala cha mitengo ya ndalama ziwirizo, chaka ndi chaka, chokhala ndi chidindo pansi. "Zaka zimenezo yanu imodzi inali imodzi ya kuno. Wani kwa wani. Zotsalazo tinasonkha ine ndi mayi."

Ndinaseka, koma kuseka kwa mkwiyo. Mtengo umenewo unkamveka pa wailesi basi. Palibe wamutu wake amene ankasinthira ndalama ku banki. Mayi ankapita pa depoti, kwa mayi wina wachikwama chakuda, ndipo pa imodzi ya kutsidya ankalandira zisanu ndi zitatu za kuno. Ndinkawaperekeza ndine, ndili kamtsikana.

"Pajatu inali eyiti, achimwene. Inunso mukudziwa."

"Ndibweretsere pepala, chemwali. Ine changa ndi ichi, chili ndi chidindo."

Tinasakasaka masiku awiri. Mayi wachikwama uja tinakamupeza kwa mwana wake, atakhala pa mpando, miyendo yotupa ataisanjika pa ndowa. Nditangotchula mayi athu, nkhope yake inawala.

"Aja ankanyowetsa chala katatu powerenga? Ndiwaiwala bwanji! Poyamba ndinkawapatsa seveni. Malire atatsekedwa kwa amalonda inafika eyiti, n'kukhala pomwepo zaka zinayi. Ankandinenerera mpaka ndinkamva mutu."

A Welda anandigwira mkono. Ndinatulutsa pepala ndi cholembera, n'kupempha kuti zimene wanenazo tilembe, iye angosaina.

Anayang'ana cholemberacho ngati ndatulutsa mpeni.

"Ine ndinkagulitsa nthochi pa depoti," anatero. "Za ndalama sindikuzidziwa."

"Amayi, lamulo loletsa kusintha ndalama mumsewu lija linatha kalekale. Masiku ano anthu akusintha poyera."

"Linatha kwa inu. Ine ndinagona pa simenti miyezi isanu ndi umodzi chifukwa cha chikwama chimenecho. Mwana wanga ali pa ntchito ya boma. Mukufuna dzina langa likhale pa pepala?"

A Welda anagwada, munthu wamkulu waimvi, mawondo pansi. "Mayi, ndilibe kolowera."

Iye anatembenukira kukhoma n'kuitana mdzukulu wake kuti atitsekulire geti.

Tinabwerera chimanjamanja. Ndinakwiyira mayi uja, ndinakwiyira banki yosunga bodza mosamala chotero. Koma ndinenenso ichi, poti chimandidyabe mumtima: pa mtengo wa ku banki gawo la malemu mayi linkakula, ndipo pa gawo limenelo panali langa. Ndinali ndi ana atatu ku sekondale. Ndikanatha kukana kusaina kuti nkhani ipite kukhoti. Ndinadziuza kuti kukhoti nakonso akafuna chidindo, ndipo mwina n'zoona, koma ndinafulumira kuzikhulupirira.

Lachisanu m'mawa tinakumana m'nyumbamo, mopanda mipando, mawu akuchita kubwerera m'makoma. Ndinasaina. A Welda anafunsa kuti gawo lawo ndi lotani kwenikweni, awauze m'chinenero chomveka.

"Nyumba tikaigawa pa sikisitini, panu ndi pamodzi," anayankha achimwene aakulu, maso ali pa wotchi.

A Welda anasaina, dzina likutsetsereka kuchoka pa mzere. Ndalama zimene analandira sizikanagula ngakhale makina akale. Anaziika m'thumba la malaya osawerenga, n'kupita kukaima pa khomo la kuseri.

Kenako anayamba kuyenda, akuwerenga mapazi mokweza. Anadutsa m'khitchini, m'kanjira ka pakati pa zipinda, pa balaza. Pa khumi ndi asanu anaima. Linatsala phazi limodzi, la sikisitini, kuti afike pa khomo la kumaso. Analowa m'kadanga kameneko, nagunditsa zidendene pamodzi, manja m'mbali, n'kuyang'ana pansi pamene anapondapo.

Lole ya wogula inali itafika kale. Amuna awiri anakwera masitepe atanyamula sofa, thukuta lili kamukamu.

"Bambo, tatipatsani mpata."

"Pepani," anatero a Welda, natsikira pa dothi kuti sofa idutse.