Thabwa Lodulirapo Anyezi

Make Mapasa anatola botolo lina pa lamba woyendetsa mabotolo n'kulipendeketsa kutsogolo kwa nyali. M'menemonso munali tizinthu toyera, tikuyandama m'chakumwacho ngati ufa wogwera m'madzi. Analiponya m'kireti ya mabotolo okanidwa, koma asanabweze n'komwe dzanja, linanso linadutsa lili ndi matenda omwewo.

Ntchito yake pafakitale ya zakumwa zoziziritsa kukhosiyo inali ya maso. Ankakhala pampando wautali moyang'anizana ndi galasi lowala, mabotolo otsekedwa kale n'kumadutsa pamzere, iye n'kumachotsa osadzaza, ong'aluka ndi akuda m'kati. Tsiku labwino kireti ya okanidwa sinkafika ndi theka lomwe. Lero dzuwa lisanafike paliwombo inali itadzaza.

"Asisi, mwayamba kutola ngati mukusankha nyemba bwanji?" anakuwa Wailesi, mayi woyendetsa makina otsekera mabotolo, amene anapatsidwa dzinali chifukwa pakamwa pake panalibe batani lozimitsira. "Kapena maso ayamba kukalamba? Nenanitu, tikupemphereni magalasi."

Make Mapasa sanaseke. Anamukodola n'kumuonetsa botolo.

Wailesi analigwedeza, tizinthu tija n'kuvina. "Si shuga ameneyu?"

"Shuga amasungunuka."

Belu la nthawi yopuma litalira, lamba anaima ndipo anthu anakhamukira kukantini. Make Mapasa anatsalira. Anatsatira mzere chobwerera m'mbuyo mpaka pamene mabotolo amachoka pamakina othira kulowa pamakina otsekera. Pamenepo botolo limayenda lili kukamwa yasa, khosi lake likukhula chipangizo chapulasitiki chokhota ngati zenga, chimene amakaniko ankachitcha kolala. Kolala weniweni ndi wa pulasitiki woterera, wolimba mutu, woti mabotolo amamukhula chaka chathunthu iye osanyenyeka. Kolala wakale anasweka sabata yatha, watsopano anali asanafike, ndipo makina anagona mpaka pamene makaniko wamkulu, a Sipanala, anabwera ndi wina woyera mbee n'kumumangapo. Fakitale yonse inawaombera m'manja. A Kapitawo mpaka anawagwira chanza anthu akuona.

A Sipanalawo anali achimwene ake a Make Mapasa, bere limodzi. Ndiwo anamutenga ukwati wake utatha, n'kumupatsa chipinda cha kumbuyo kwa nyumba yawo iye ndi ana ake awiri. Ndiwonso anamugogodera chitseko cha ntchitoyi.

Make Mapasa anayendetsa chala m'mphepete mwa kolala uja. Chala chinabwerako chitayera. Anawerama n'kusuzumira kunsi kwake. Kunsiko kunali timizere tambirimbiri topingasana, mabala a mpeni. Pakona panali chipsera chabulauni chozungulira, pamene iye mwini anatsamiritsapo poto wamoto tsiku lina.

Linali thabwa lodulirapo anyezi la kukhitchini kwa alamu ake. Thabwa lomwe lija linasowa, alamu n'kulusa kuti mapasa analitenga kukaseweretsa kudambo. Iye, pofuna mtendere wa pakhomo pa eni, anawathyolera kamtengo ana akewo uku akulira kuti sanalione. Atakumbukira zimenezo manyazi anamugwira, kenako mkwiyo.

Achimwene akewo anawapeza m'kachipinda ka zida, atakhala pa chigubu cha girisi akumwa tiyi wa m'fulasiki. Anatseka chitseko.

"Achimwene, kolala uja akunyenyeka. Zinyenyeswazo zikugwera m'mabotolo."

A Sipanala anaika kapu pansi pang'onopang'ono. "Wauzako ndani?"

"Palibe. Ndayamba ndi inu."

"Wachita bwino. Chibale ndi fupa." Anapukuta manja pa ovolosi. "Bwerera pampando pako. Loweruka makina akaima ndimuchotsa, ndimupala bwinobwino, ndimubwezerapo. Weniweni akubwera, ali m'njira."

"Ndi thabwa la alamu."

Bambowo anamuyang'ana, kenako anayang'ana kukhoma kumene masipanala anapachikidwa motsatana kukula kwake. "Pulasitiki ndi pulasitiki. Kuyera n'komweko, kukhuthala n'komweko. Ndinamusema usiku wonse ndi manja angawa, ndipo fakitale inadzuka. Anthu onsewa akanakhala pakhomo opanda ntchito. Iwenso."

"Ana anga ndinawamenya chifukwa cha thabwalo, inu muli pakhonde pomwepo."

"Za ana tikakamba kunyumba."

"Nanga ana a eni amene amwe zimenezi?"

"Iwe, thabwa limenelo takhala tikudulirapo nyama zaka zonsezi. Wafa ndani? Tizinyenyeswa tiwiri titatu, munthu akameza timatuluka tokha." Anatsitsa mawu. "Tamvera. Mabotolo amene ukuwaona, chotsa mwakachetechete. Otsalawo asiye apite. Ukadina batani loimitsira makina lija, a Kapitawo abwera, atsegula makina, ndipo mutu umene udulidwe ndi wanga. Udziwe zimenezo."

"Si iwo anakuuzani kuti muchite chilichonse bola makina ayende?"

A Sipanala anaseka kuseka kopanda mano. "Mawu a bwana alibe mboni, mlongo wanga. Kukacha ndi ako."

Make Mapasa anaima atagwira chitseko. Ankawakonda achimwene akewa, ndipo ankawaopa. Anaona imvi zimene zinayamba kumera m'mbali mwa makutu awo, ndi chala chawo chimene makina ena anachidula nsonga iye akadali pasukulu.

"Pitani nokha mukawauze, achimwene. Mukanena nokha mwina akumverani chisoni. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Mnansi amene amagona m'nyumba mwanga satsina khutu langa," anatero a Sipanala, natola kapu yawo. "Belu lalira. Pita."

Lamba anayambanso kuyenda, phokoso la magalasi ogundana n'kudzaza nyumba yonse. Make Mapasa anakwera pampando. Anayesa kuchita zimene anauzidwa. Anatola ili, natola ilo, manja onse awiri akugwira ntchito, koma mabotolo amathamanga kuposa manja a munthu. Pamene ankachotsa limodzi, maso ake ankaona ena awiri akudutsa, akupita kwa anyamata olongedza m'makireti. Ndipo amenewo anali okhawo amene maso anawagwira. Nanga tizinyenyeswa tating'ono tobisala m'thovu?

Kudzera pachitseko chachikulu cha kumapeto ankaona lole itaima chobwerera, makireti a m'mawa uja akukwezedwa. Dalaivala anali atatsamira tayala akusewera ndi makiyi.

Wailesi anasiya makina ake kamphindi n'kubwera kudzaima pambali pake. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Asisi, kireti yachiwiri iyi. Ine ndaona ufa pansi pa kolala, sindine mwana. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, tinaombera m'manja msanga." Anayang'ana uku ndi uku. "Koma ine sindinaone kanthu, mwamva? Batani ndi lanu. Mchimwenenso ndi wanu."

Anabwerera pamalo pake, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito, wailesi inazima yokha.

Make Mapasa anayang'ana kukhomo la kachipinda ka zida. A Sipanala anali ataima pamenepo, manja m'matumba, akumuyang'ana. Sanapite ku ofesi. Sanasunthe n'komwe. Anangopukusa mutu pang'ono, monga ankachitira iye ali kamtsikana akafuna kutola chinthu cha eni.

Batani lofiira linali pafupi ndi bondo lake lamanja. Anaganiza za chipinda chija, kabedi kamene mapasa ankagonapo mutu uku wina mutu uko, ndi mtendere wa kugona kuseri kwa mpanda wa mchimwene wako. Anaganiza za alamu ake, amene ngakhale pa tsiku labwino ankawerenga zikho za madzi. Akapita kuti ndi ana awiri?

Kunja kuja anyamata anakweza chitseko cha kumbuyo kwa lole n'kukoka loko. Dalaivala analavula kamtengo kamene ankatafuna, nakwera. Injini inalira.

Make Mapasa anadina batani.

Lamba anaima mwadzidzidzi, mabotolo n'kugundana ngati mano a munthu wozizidwa. Kenako kunangoti zii. Make Mapasa anatsika pampando, nathamangira kuchitseko chachikulu akukupiza mkono.

"Imitsani loleyo. Isatuluke."

Mlonda wa pageti, amene anali atatsegula kale mbali imodzi, anaibweza.

A Kapitawo anatsika masitepe a ofesi akupukuta pakamwa. Anali bambo wamfupi wosakonda kukuwa, ndipo anthu ankawaopera chomwecho.

"Ndani waimitsa makina anga?"

"Ndine, bwana."

"Chifukwa?"

Anawapatsa botolo. A Kapitawo analikweza kuloza kunyali, naligwedeza, nayang'ana makireti awiri a okanidwa aja. Nkhope yawo inasintha.

"Zayamba liti?"

"M'mawa. Mwina ndi dzulo lomwe, koma dzulo sindinazione."

"Zikuchokera kuti?"

Anthu onse anali atasonkhana, olongedza, otsuka, a kunkhokwe. Make Mapasa anapita pafupi ndi kolala uja. Anangoloza ndi chala chimene chinali chikadali choyera.

"Aitaneni a Sipanala amasule," anatero a Kapitawo.

Panalibe chowaitanira, anali atafika kale. Anagwada, namasula mabawuti mmodzimmodzi, napereka kolala uja. A Kapitawo anamutembenuza. Anaona mabala a mpeni ndi chipsera cha poto. Anamununkhiza.

"Anyezi," anatero motsitsa.

Mnyamata wina wolongedza anaphulika kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Bwana, munati makina asagone," anatero a Sipanala. "Munati ndichite chilichonse."

"Ndinati mukonze makina. Sindinati mubweretse khitchini ya akazi anu m'fakitale." Anatembenukira kwa olongedza. "Tsitsani zonse. Za lero, za dzulo, zonse zimene zadutsa pa chinthu ichi ndipo zikadali m'nkhokwe. Zimene zinatuluka kale tizitsatira." Kenako kwa a Sipanala: "Tiyeni kumwamba."

Achimwene ake anadutsa pafupi naye kwambiri moti anamva fungo la girisi la ovolosi yawo. Sanamuyang'ane.

Masana onse anathera kutsegula mabotolo n'kukhuthulira chakumwa mungalande. Madzi okoma aja ankayenda pansi akuchita thovu, njuchi n'kubwera kudzachita phwando. Palibe amene anamudzudzula Make Mapasa, komanso palibe amene anamuyamikira. Ankamulambalala ngati munthu wodwala chifuwa. Wailesi yekha ndiye anamukankhira botolo la madzi. Chakumadzulo anaona achimwene ake akutuluka pageti atavala zovala zakunyumba, bokosi lawo la zida lili m'manja. Bokosilo silinkachoka pafakitale.

Poweruka anayenda pang'onopang'ono, njira yofupika n'kuitalikitsa. Atafika, alamu ake anali pampopi akutsuka mbale. Anawapatsa moni. Mayiwo anatsegula mpopi kwambiri kuti madzi ayankhe m'malo mwawo.

A Sipanala anali pakhonde, nsapato atavula, bokosi lija lili pakati pa miyendo. Make Mapasa anagwada chapatali pang'ono.

"Achimwene."

"Andichotsa," anatero, maso ali pamsewu. "Zaka zonse zija, andipatsa nthawi yongotolera zida."

"Pepani."

"Usapepese. Unadina ukudziwa." Anasisita chala chawo chodukacho. Mawu awo analibe ukali, ndipo chimenecho ndi chimene chinamupweteka koposa. "Sindikukuthamangitsa, ndiwe mwana wa mayi anga. Koma ntchito ndilibe, ndiye chipinda chija ndiikamo munthu wa lendi. Uyambe kufunsafunsa."

"Ndamva, achimwene."

Anadzuka, nazungulira kuseri kwa nyumba.

Mapasa anali pansi m'chipindamo akulemba za kusukulu, mitu itagundana pa buku limodzi. Atamuona anadzuka kudzamulandira chikwama. Anawagwira onse awiri n'kuwakumbatira nthawi yaitali, mpaka mmodzi anayamba kudzipotokola.

"Amayi, mukunata shuga."

Anawasiya, nakhala pabedi, namasula zingwe za nsapato. Anayang'ana katundu wawo yense: sutikesi pamwamba pa kabati, mapoto pakona, mayunifomu pa msomali.

"Mawa mukamaweruka mudzere kugolosale," anatero. "Mukapemphe makatoni opanda kanthu. Akuluakulu."

"A chiyani, amayi?"

"Mukapemphe basi. Mukanene kuti ndakutumani ndine."