Desiki la Kutsogolo

"Sainani apa, bambo," anatero ahedi, akukankhira pepala kwa kalipentala.

Kalipentala sanagwire cholembera. Anayang'ana mayi wa ku khonsolo amene anakhala pambali, chikwama chili pamiyendo. Mayiyo anali atafotokoza kuti khonsolo ikulemba ndondomeko yothandizira ana ovutika kumva, kuona ndi kuyenda, ndipo makolo asaine ngati sukulu ikuwasamala bwino.

Mzime wa kalipentala sankamva bwino. Ankatola mawu pamilomo ya aphunzitsi. Akakhala kumbuyo, tsiku lonse linkapita pachabe.

"Pepalali likuti chiyani za mwana wanga?"

"Likuti amakhala kutsogolo," anayankha ahedi. "Mayiwa amuona ndi maso awo."

"Ndamuonadi," anatero mayiyo. "Pafupi ndi bolodi."

"Lero," anatero kalipentala.

Ahedi anaseka. "Bambo inu mumakayikira ngakhale chithunzithunzi chanu."

"Desiki lake ndinakonza ndine. Mwendo umodzi ndi wa thabwa lina. Lolemba ndinaliona kumbuyo, pafupi ndi matsache. Pasimenti pali mizere pomwe mwalikoka m'mawa uno." Anatembenukira kwa mayiyo. "Mlendo ndi mame, mayi. Mukachoka inu, desiki libwerera kwawo."

"M'kalasimo muli ana oposa makumi asanu ndi atatu," anatero ahedi. "Kholo lililonse limafuna wake kutsogolo."

"Ndondomeko ikadutsa, zoterezi zidzatha," anatero mayiyo.

"Idutsa liti?"

"Ikakambidwa."

"Mayeso ndi mwezi wamawa."

Kalipentala anatuluka, nakamasula thumba la zida panjinga yake. Ana anali panja pa buleki. Iye analowa m'kalasimo, nagwada pafupi ndi bolodi, nayamba kuboola simenti.

Ahedi anafika akupumira m'mwamba, mayi uja ali pambuyo.

"Mukuwononga nyumba ya sukulu."

"Pepala lanu likuti amakhala kutsogolo. Ndikulithandiza kuti lisaname."

Anamanga miyendo yonse inayi ndi mabawuti. Mayiyo anagwedeza desikilo ndi manja awiri. Silinasunthe. Anatsegula kope lake nalemba mzere umodzi, koma kalipentala sanaone chimene analemba.

Kalipentala anapukuta manja pa thalauza, napempha cholembera, nasaina.

Lolemba lotsatira anadutsanso pasukulupo, sipanala ili m'thumba, nasuzumira pazenera. Desiki linali pomwepo. Mzime wake anali atakhalapo, maso ali pamilomo ya aphunzitsi.